Ndalama za Tchuthi Zili ku Banki M'khonde

Lirangwe,
18 Novembala.

Okondedwa achimwene a Nathan,

Muli bwanji kumeneko ku Joni, pamodzi ndi alamu anga a Jenny ndi ana? Chifuwa cha Angel chija chinatha? Kuno tilipo. Amayi mwendo ukuwavutabe koma akuyenda. Mvula yagwa ndipo anthu adzala.

Kalatayi ndapatsira a Yasin amene akubwerera kumeneko pa basi. Mudabwa kuti bwanji osangoimba foni. Ndayesa, koma ndikamva mawu anu ndimangofunsa za ana basi n'kudula.

Nkhani yake ndi ya ndalama za tchuthi chanu, zimene mwakhala mukunditumizira kuti ndisunge. Munandiuza bwinobwino kuti zina ndi za chakudya masiku amene mudzakhale kuno, zina za galimoto yodzakutengani ku bwalo la ndege ku Chileka, zina za matiresi, ndipo zotsalazo mudzapitire ndi ana ku Mulanje akaone phiri limene mumawasimbira. Sindinaiwale ngakhale chimodzi.

Achimwene, ndalamazo m'nyumba muno mulibe. Sindinadye, Mulungu ndi mboni. Zili ku banki m'khonde.

Mtima wanga mukuudziwa. Zili mufoni sindinkagona, poti anthu aja oimba n'kumati mwawina mphoto anamubera zonse mayi wina wa kwa Chigaru. Nditakazitapa ndinazibisa m'thumba la chimanga, ndiye ndinayamba kuopa makoswe ndi moto. Aliyense wobwera kudzacheza ndinkamuona ngati wanunkhiza. Apa m'pamene anzanga a Mvano anandiuza kuti ku gulu ndalama siigona, imabereka, ndipo kugawana kumakhala kumayambiriro kwa Disembala, inu musanafike. Ndinati phindu lakelo ndidzagulire mbuzi yokulandirirani.

Amuna anga, bambo a Duwa, anandiletsa. Anati ndalama ya mwini suiika pamene sungakaitenge tsiku limene mwiniyo waifuna. Ine sindinamve, zonse ndinakagulira masheya ku gululo.

Sabata yathayi gulu linakumana kwa mayi Mildred, apampando athu. Atatsegula bokosi munali zochepa zedi. Anthu ambiri anakongola kuti agulire feteleza, ndipo akuti sangabweze msanga. Ndiye anakweza manja n'kugwirizana kuti kugawana kusunthe, kukhale kumapeto kwa Januwale. Wokana ndinali ndekha. Nthawi imeneyo inu mudzakhala mutabwerera kale ku ntchito.

Anthu atabalalika ndinatsalira, ndinachita kugwada. Ndinawauza mayi Mildred kuti ndalamazo si zanga koma za mlongo wanga, ndipo matikiti a ndege anagula kale. Iwo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi a Duwa, gulu silimudziwa mlongo wanu. Likudziwa masheya anu, ndipo masheya satuluka tsiku lisanakwane."

Anati chimene angandichitire n'kundikongoza zochepa zili m'bokosizo, ndidzabweze ndi chiwongoladzanja ngati wina aliyense. Tangoganizani, kukongola ndalama zanu zomwe. Ndipo nazonso sizingagule ngakhale matiresi amodzi.

Kupatula bambo a Duwa, pa abale kuno palibe amene akudziwa. Amayi analengeza ku tchalitchi kuti mwana wawo akubwera pa ndege ndi zidzukulu zimene sanazionepo. Nyumba anazira kale, ndipo m'mawa uliwonse amandifunsa ngati matiresi ndagula. Ndimayankha kuti ndikudikira mtengo utsike.

Amalume a Solomon nawo apangana ndi mwini minibasi wa ku Chileka kuti abale onse akakuchingamireni. Dzulo anabwera kudzafuna ya mafuta. Ndinawauza kuti ndikatapa Lolemba. Anaseka, amati msungichuma wa ku Joni wayamba kuuma manja, kapena wayamba kale kumanga nyumba ya malata mobisa. Ine ndinangoseka nawo.

Ndalingalira mpaka mutu kuwawa, ndipo maganizo anga ndi awa. Za kogona musade nkhawa, inu ndi alamu mudzagona pa bedi lathu, ife ndi ana tidzayala mphasa. Nkhuku zanga zilipo, tidzapha mpaka zithe. Koma shuga, mafuta ophikira, mpunga wa Khirisimasi ndi sopo zimafuna ndalama. Za minibasi, amalume ine sangandimvere. Inu nokha ndi amene mungawauze kuti simukufuna chigulu ku bwalo la ndege. Za ku Mulanje ndiye ndasowa pogwira. Ndikaganiza kuti mwana wanu Petro wauza kale anzake kusukulu kuti akakwera phiri, misozi imangotsika.

Njira imene yatsala ndi chimanga chathu. Tikagulitsa matumba amene tasunga, chakudya ndi galimoto zikwanira, mwina ndi Mulanje yemwe ngati mutapita m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo. Bambo a Duwa akufunsa kuti nanga mu Febuluwale tidzadya chiyani, poti nthawi imeneyo chimanga chimakwera kawiri. Funso lawo ndi loona. Koma wolakwa ndine, si ana anu.

Kundikalipira sindikukuopa, mundikalipire ndithu. Chimene ndikuopa n'chakuti mukawerenga izi mungakwiye n'kukabweza matikiti. Chonde achimwene, musatero. Amayi akula, ndipo sindikudziwa ngati chaka chamawa adzakhale ndi mphamvu zonyamula mdzukulu. Ndalama zanu zonse ndidzakutumizirani gulu likagawana, ndi phindu lake lomwe, ine sindidzatengapo kanthu.

Alamu a Jenny muwawerengere kalata yonseyi, osadumpha pena. Ndikudziwa kuti thukuta lawo lilimo m'ndalamazi, ndipo ndibwino amve tsopano kusiyana n'kudzamvera pakhomo pano.

A Yasin akuti afika kwanuko Loweruka. Lamulungu ndikaweruka ku tchalitchi foni ndidzaigwira m'manja, ndipo ulendo uno sindidula. Mundiuze chochita. Ikapanda kulira, Lolemba m'mawa ndikweza matumba aja pa ngolo kupita nawo kumsika, chifukwa amalume ndinawalonjeza ndipo sindingathenso kuwanamiza amayi.

Mundiperekere moni kwa alamu, Petro ndi Angel. Duwa akuti azakhali ake asaiwale nsapato zija, ine ndamuuza kuti akhale chete. Ambuye akusungeni pa ntchito ndi panjira, ndipo afewetse mtima wanu.

Ndine mlongo wanu,
Doreen, mayi a Duwa.