Nangula Woyamba Sakwerapo Munthu

Kumapiri, kummwera kwa Germany
Lachinayi masana

Wokondedwa mng'ono wanga Wietske,

Landira moni wochokera kwa mkulu wako. Uli bwanji ku Canada kumeneko? Nanga alamu anga a Gerben, bondo lija linasiya kuwavuta? Ana ndi adzukulu akudzuka bwanji? Ine m'thupi mulibe chowawa, kungoti chakudya sichikulowa. Alamu ako a Douwe ali bwino kuposa mmene ndawaonera chikwatiraneni, ndipo n'chifukwa chake ndikukulembera.

Usadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. M'galimoto yogonamo mulibe pobisala. Ukanong'ona kukhitchini, amene ali pabedi amakuyankha. Ndiye ndikulemba pano eniake ali pamwamba paphiri, ndipo mawa m'mawa ndimupatsa wogulitsa buledi kuti akaiponye.

Ukudziwa kuti chipumireni pantchito yawo yoyang'anira mapampu a madzi, a Douwe sakhazikika. Chaka chino anadzuka ndi yoti akufuna kuphunzira kutsetsereka pa maski, timatabwa tatitali tomanga kumapazi tija, asanafe. Ndinawauza kuti bambo, inu munabadwira kudziko loti phiri lalitali ndi mlatho, mukufuna kukathyolera chiyani mafupa kwa eni? Iwo ati munthu amene anakula akuthamanga pa ayezi wa m'ngalande za kwathu, chipale chofewa ndi masewera a ana.

Malo otchuka aja anawakana. Ati kumeneko amakulipiritsa ngakhale mpweya wopuma, ndipo tiana tosamera mano timakudutsa tikukuseka. Ankafuna kaphiri kakang'ono kotsika pang'onopang'ono, kotchipa, kokhala ndi poimika galimoto ndi polumikiza magetsi. Tinalongeza mbatatesi, tchizi ndi khofi wa kwathu ngati kuti Ajeremani sadya, n'kunyamuka.

Chaka chino kwatentha, mng'ono wanga. Malo oyamba tinapeza udzu wobiriwira okhaokha. Achiwiri anapingasa chitsulo pakhomo kuti magalimoto aatali ngati yathu asalowe, ndipo a Douwe anachitukwana chitsulocho ngati chili ndi makutu. Achitatu anatsekedwa kalekale. Ine mumtima ndinali nditayamba kukondwa kuti tibwerera, koma bambo wina pomwetsera mafuta anatilozera kamudzi ka kumapeto kwa chigwa, kumene dzuwa limafika mochedwa ndipo chipale chimakhalitsa.

Ndiye kuno tili. Pali katchalitchi, nyumba zowerengeka, ndi kaphiri kamene pamwamba pake pali nkhalango yakuda bii. Chingwe chokokera anthu kumtunda ndi chimodzi, chija chokhala ndi anangula, zitsulo zonga nangula wa sitima zokoka anthu awiri ali chiimire pa maski awo, wina mbali iyi wina mbali iyo. Amachiyendetsa ndi mayi wina wachikulire, Mayi Faller, wosalankhulalankhula. Anatilola kuimika kuseri kwa kanyumba ka injini, n'kutikokera nthambo ya magetsi. A Douwe anati tafika m'paradaiso.

Masiku oyamba ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Alamu ako ankagwa poima, kugwa poyenda, kugwa ngakhale popereka moni. Nangula ndiye anali mdani wawo. Ukakwera wekha amapendekera mbali imodzi, ndiye ankawakoka pang'ono n'kuwataya pansi ngati thumba la mbatatesi. Ankandinyengerera kuti Aukje, tabwera udzakhale mbali inayi. Ine ndinkati ayi bambo, chiuno changachi ndi chimodzi chomwechi, ine ntchito yanga ndi khofi.

Tsono pali chinthu chimene tinkachiona m'mawa uliwonse. Mayi Faller akayatsa injini, nangula woyamba ankamusiya apite wopanda munthu. Ngakhale anthu atakhala pamzere, onse ankangoima chete, abambo atavula zipewa, mpaka nangulayo atabisika m'mitengo. Kenako m'pamene ankayamba kukwera. Panalibe chikwangwani, panalibe wofotokoza, chifukwa wa m'mudzi aliyense amadziwa.

Iwe umawadziwa alamu ako. Munthu wozimitsa getsi iwe uli m'bafa, wofika kubanki chitseko chisanatsegulidwe. Chinthu chopita chopanda kanthu chimawapweteka mumtima. Tsiku lililonse ankang'ung'udza kuti taona magetsi akungopita pachabe, anthu awa ndalama amazitola kuti? Ndinkawauza kuti za eni n'za eni, zisiyeni.

Sabata yatha anadzuka m'mamawa n'kukhala oyamba pamzere. Usiku kunali kutagwa chipale chatsopano. Mayi Faller anayatsa injini n'kutembenuka kuti atenge fosholo, ndipo a Douwe anangoti seee, n'kumukola nangula woyambayo. Ine ndinali pawindo ndi kapu m'manja. Mayi wina pamzerepo anagwira pakamwa. Mayi Faller anathamangira pa batani loimitsira, dzanja linafika pamenepo, koma sanadine. Anangoima n'kumayang'ana.

Wietske, nangula uja sanapendekeke. Anakhala chilili bwinobwino ngati mbali zonse ziwiri pali munthu, ndipo alamu ako anakwera mpaka pamwamba osagwa.

Ndinavala jekete n'kupita kukaona. Munthu mmodzi pa maski amasiya mizere iwiri pachipale. Pamenepo panali mizere inayi, yoyandikana, yokwera limodzi mpaka m'nkhalango. Palibe wina amene anali atakwera, chifukwa anthu onse aja anavula maski awo mwakachetechete n'kubwerera kwawo.

A Douwe anatsika patapita nthawi, ndipo anatsika ngati wobadwira kuno. Kukhota uku, kukhota uko, n'kudzaima pafupi ndi ine osagwedezeka. Munthu amene dzulo lake ankakwawa ndi maondo! Ndinawafunsa kuti wakuphunzitsani ndani? Anaseka n'kunena kuti ukangopeza mnzako wodziwa pambali pako, miyendo imamva yokha. Ndinati mnzanu uti? Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa, n'kupempha khofi.

Madzulo ake ndinapita kwa Mayi Faller ndi Chijeremani changa cha kusukulu chija, kukapepesa. Anandiuza kuti kale chingwechi ankachiyendetsa ndi mchimwene wawo, dzina lake Meinrad. Mwa ntchito yake, m'mawa uliwonse ankakwera woyamba yekha kukayendera njira, kuona mizati ndi mawilo anthu asanakwere. Tsiku lina kuli chifunga anakwera, nangula n'kubwerako wopanda munthu. Anamufuna mudzi wonse osamupeza. Kuyambira pamenepo nangula woyamba ndi wake, ndipo chingwechi sichinavulazepo munthu.

Ndinati pepani kwambiri, amuna anga sankadziwa, ndi mlendo komanso ndi wouma mutu. Ndinkayembekezera kuti akalipa. Koma anamwetulira, koyamba chifikireni ife, n'kunena kuti musapepese mayi, Meinrad sankakonda kukwera yekha, ankadandaula kuti kumapweteketsa msana. Ati zaka zonsezi a m'mudzi muno akhala akumuvulira zipewa, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganizapo zomuperekeza. Kumwetulira kumeneko kunandizizira kuposa mphepo ya panja.

Kuyambira tsiku limenelo nangula woyamba amakwera ndi a Douwe, ndipo palibe wowaletsa. Ndimawaona pawindo akukwera, mutu atapendekera kumanzere, akulankhula, nthawi zina akuseka. Dzana anatenga girizi wa galimoto yathu, ati wilo la pamzati wa m'nkhalango likulira. Munthu wa mapampu, za mawilo a chingwe anazidziwira kuti? Mayi Faller anangogwedeza mutu n'kuwapatsa sipanala yakale imene inali pamsomali, iwo n'kuilandira osafunsa.

Anthu a m'mudzi anasiya kubwera kuphiri. Tikakumana nawo pamsewu amapereka moni kwa a Douwe, kenako n'kugwedezanso mutu kachiwiri, kuyang'ana kumanzere kwa alamu akowo kumene kulibe munthu. Ine amandidutsa maso ali pansi.

M'galimoto namo zinthu zasintha. Akamalowa amagwira chitseko kanthawi asanatseke, mphepo n'kumalowa, munthu amene kale ankandikalipira kuti ndikuwononga gasi. Pa khofi wa m'mawa amatulutsa makapu atatu. Ndikafunsa, amaiyang'ana kapu yachitatuyo modabwa n'kuibwezera. Ndipo mpando wanga wa kutsogolo, umene ndakhalapo ulendo wonsewu ndi mapu pamiyendo, masiku ano ndimaupeza wonyowa, pansi pake pali madzi a chipale chosungunuka. Ndaunika denga, silikudontha. Ndinasiya kukhalapo.

Usaganize kuti ndangokhala. Ndawauza kuti gasi akutha, ati tigula. Ndanama kuti ndikudwala, andigwira pamphumi mwachikondi n'kunena kuti ugone, ine ndikangoyendera njira. Dzulo ndinakalipa zenizeni. Ndinati Douwe, ine ndi mkazi wako, ndikufuna kwathu, liza galimotoyi tizipita! Anakhala pachiwongolero, kiyi ali m'manja, n'kuyang'ana phiri nthawi yaitali. Kenako anati, mwaulemu ngati akulankhula ndi mlendo, mayi, sindingamusiye yekha mnzangayo, kumtunda kuja kumasungulumwitsa. Anandiitana kuti mayi, Wietske. Dzina langa silinabwere.

Chigalimotochi ine sinditha kuchiyendetsa, ndipo ngakhale ndikanatha, a Douwe sindingawamange ndi chingwe. Tsiku lililonse amakhalitsa pamwamba kuposa dzulo lake. Lero anakwera m'mawa, pano dzuwa lapendeka, supu yazizira pa mbaula.

Chimene chandigwiritsa cholembera ndi ichi. Wailesi ikuti kumapeto kwa sabata kubwera mphepo yotentha ndi mvula. Ndinafunsa Mayi Faller kuti chipale chikasungunuka zimatha bwanji. Ati tsiku lomaliza amayatsa injini kamodzi kokha, nangula woyamba amakwera, ndipo Meinrad amapita ndi chipale chake mpaka chaka chamawa. Ndinati nanga amuna anga? Anayang'ana kumbali n'kunena kuti zimenezo sakudziwa, sizinachitikepo kuti akhale awiri.

Ndiye pempho langa ndi ili, mng'ono wanga. Mwana wathu Hidde ali pasitima ya pamadzi ndipo mauthenga anga sakumufika. Iwe uli ndi nambala ya ofesi yawo. Umufunefune, umuuze kuti akangotsika abwere kuno adzatenge galimoto ndi makolo ake, kapena amene angamupeze. Usamuuze za mizere inayi, angaganize kuti amayi ake mutu wazungulira. Ungoti bambo ake sali bwino. Iwe wekha ndi amene ndakuuza zonse, chifukwa sunandisekepo pa zinthu zoona.

Ndikudziwa kuti kalatayi ikufika mvula itagwa kale. N'chifukwa chake sindidikira. Masana ano ndinapita kukanyumba ka injini n'kubwereka maski ndi nsapato zake. Mayi Faller anandiyeza phazi. Atamanga zingwe za nsapatozo anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti mayi, nangula amanyamula awiri, atatu ayi. Mukadzilowetsapo, mmodzi agwa panjira, ndipo m'nkhalango muja wogwa sitimuona kuchokera pansi pano. Ndinati ndamva.

Ndayeserera kuseri kwa galimoto, ndagwa kangapo, chigongono chatupa. Ndili ndi mantha, Wietske. Sindinakwerepo chinthu chimenechi ndipo nkhalango ija sindiifuna n'komwe. Koma kumanzere kwa a Douwe ndi malo anga. Ndinaima pamenepo kutchalitchi tsiku la ukwati wathu, ndagona pamenepo zaka zonsezi, ndipo sindiwapereka kwa munthu wakufa chifukwa choti wasungulumwa. Mawa injini ikalira ndikakhala nditaima kale pamenepo, nditawagwira mkono, ndipo ndikakhala ndikuwatchula dzina mpaka pamwamba.

Undiperekere moni kwa a Gerben, kwa ana ndi adzukulu onse. Ukawalembera azakhali a ku Workum, uwauze kuti tili bwino ndipo mapiri ndi okongola. Mulungu akusunge, akudalitse iwe ndi nyumba yako.

Ndipo ukagwada, mng'ono wanga, usapemphere kuti ine ndisagwe. Upemphere kuti wogwayo asakhale Douwe.

Ndine mkulu wako wokukonda,
Aukje