Paipi ya kwa Obadiya

Lolemba, 6 Okutobala 2025
Dzuwa loswa mtengo. Abwana, a Solomoni, andipatsa ntchito ya ku Sinda. Mapaipi atsopano ajambulidwa kale mu pulogalamu. Yanga ndi kuona ngati kweri, funso limene timapatsa kompyuta, ikutulutsa nyumba zonse zoyenera kulandira madzi. Chimene ndisaine ndicho akakumbe. Sinda! Kumene mwamuna wanga Obadiya anakamanga ndi Esnart wake, atakhomola malata tinagula tonse. Ine kundisiyira ana ndi denga lodontha.

Lachiwiri, 7 Okutobala
Mapu ndi zotsatira sizikugwirizana. Mzere wa kuseri kwa msika ukuoneka pa mapu, koma mu zotsatira mulibe. Wina anaiwala kulemba kukula kwa paipi mu detabesi, kweri n'kuulumpha. Ndatsegula mayina a eni mapuloti. Obadiya ali pomwepo. Ndaseka mpaka wa pa desiki ina kucheuka. Wolakwitsa si ine. Ine ndangoona.

Lachisanu, 10 Okutobala
Ndasaina. A Solomoni: "Zonse zili bwino, amai Regina?" Ndati zili bwino. Tsiku lochoka paja Obadiya anati, "Ukwatiwe ndi kompyuta yakoyo." Ndakwatiwa nayodi, ndipo mwamuna uyu amandimvera. Anzake azitsegula pompi pakhomo, iye azisamba matope. Tione mashati oyera aja.

Sondo, 19 Okutobala
Abusa alalikira za kukhululuka. Ndaimba nawo nyimbo zonse, mtima uli gwa. Wamng'ono wafunsanso za atate ake. Nsapato zake zang'ambika kutsogolo. Pa mzere uja palinso mabanja ena, ndikudziwa. Akamuthokoze neba wawo.

Lachitatu, 22 Okutobala
Ku Sinda, kukaona kumene ayambire kukumba. Miyendo yanditengera yokha kuseri kwa msika. Ndimafuna Obadiya andione mu yunifomu. Malata anga ndawazindikira ndili patali. Pakhomo Esnart, mtsikana wowonda, mimba yafika apa, akutula chigubu cha madzi ofiira a kudambo. Sanandidziwe. Wandiyalira chitenje pa njerwa. "Amai, ndinu a madzi? Paipi ifika kuno? Msana wanga watha." Ndafunsa za abambo a pakhomo. Akuti anapita ku Vubwi kukagula nshawa nthawi yokolola, mpaka lero. Ali ndi wina kumeneko, wa golosale. Foni sayankha. Wafotokoza maso ali pansi, monga ndinkafotokozera ine kwa alongosi. Ndamwa madzi ake ofiirawo, kukana kunandikanika. Ndabwerera pa minibasi.

Lachinayi, 23 Okutobala
Ndalemba kukula kwa paipi, kuyendetsanso kweri, mzere wonse mbwee. A Solomoni akalipa ndithu, pulani yonse ibwerere ku Chipata, ndipo dzina lonyozeka ndi langa. Ndangoti pepani. Asaganize kuti ndamukhululukira Esnart. Ankadziwa kuti mwamunayo ali ndi banja. Koma matope aja sindinakonzere iye.

Masana mu detabesi ndalemba Vubwi, ndalemba Obadiya. Zotsatira: palibe. Galu uja wakakhala kumene paipi yanga siifika. Mawa holide. Ndamuimbira Esnart, nambala ndatenga mu detabesi, ndamuuza ndine ndani. Kenaka wati golosale ija akuidziwa pamene ili. Galimoto ya ku Vubwi imanyamuka m'mamawa, tikwera tonse awiri. Ndamuuza avale nsapato zolimba.