Ndinaletsa Ndewu ya Pasiteji, Koma Mlamu Wanga Wasiya Kumeta kwa Ine

Aphungu,

Ine ndine wometa, ndipo si kudzitama ndikanena kuti dera lathu lino mulibe wondiposa. Kanyumba kanga kali kuseri kwa siteji ya maminibasi: mpando umodzi wozungulira, kalilole wong'aluka pakona, ndi benchi la odikira. Nkhani zonse za m'tauni zimapsera pa benchi limenelo. Munthu ukangomukulunga thaulo m'khosi, makina n'kuyamba kulira kukhutu, amaulula ndi zimene sanauze mkazi wake.

Chaka chino amalonda anzanga anandisankha kuti ndikawaimire ku khonsolo ya mtendere ndi chitetezo ya chigawo chathu. Mumakhala wamkulu wa apolisi, atsogoleri a zipembedzo, aphunzitsi, amayi a kumsika ndi a ku ofesi ya boma. Ndinagula jekete, ndinapita mokondwa.

Tsopano mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, ndiye mtsogoleri wa oyendetsa maminibasi. Anthu amamutcha Magiya. Ali ndi mawu osasa, ndipo nkhani iliyonse amaitseka ndi mawu akuti "basi, tionana pakona". Wakhala akumeta kwa ine kuyambira ndisanalowe m'banja mwawo. Tsiku lina ndikumupala ndevu anati: "Alamu, anyamata a njinga zamoto akutilanda okwera pakhomo penipeni pa siteji. Anyamata anga asonkhanitsa kale zitsulo, akuti Loweruka pagwa munthu. Ndawaletsa, sakundimva. Basi, tionana pakona."

Pa msonkhano wa khonsolo ndinaitula nkhaniyo. Dzina sindinatchule, Mulungu ndi mboni. Koma ine ndili ndi mphatso yoyerekeza mayankhulidwe a anthu, ndiyo imasekesa makasitomala anga. Ndiye ndinainena ndi mawu osasa aja, mpaka "tionana pakona" yemwe. Chipinda chonse chinafa nalo phwete, wamkulu wa apolisi mpaka kupukuta misozi. Khonsolo inaitana mbali zonse ziwiri, a njinga anapatsidwa malo awoawo oimapo, ndipo Loweruka linadutsa popanda dontho la magazi.

Koma pasiteji nkhani inafika ine ndisanavule jekete. Anyamata a Magiya akumutcha kazitape, akufuna kumuchotsa pa utsogoleri. Benchi langa lazizira. Obwera ochepawo amakhala duu ngati ali pa mzere wa kuchipatala, ndipo ndamva ena akuti, "Ukameta kwa uyo, mawa uli kupolisi." Mlamu amadutsa pakhomo panga atavala chipewa, tsitsi likutulukira m'mbali, ndevu zili nyankhalala, moni osandipatsa. Mkazi wanga anangoti, "Bambo, mlomo wanuwo ndi wakuthwa kuposa lezala lanu." Pamwamba pa izi, wapampando wa khonsolo anandisisita paphewa n'kunena kuti, "Muzitibweretsera zina zotere."

Ine sindikuona cholakwa changa, ndinapulumutsa anthu. Koma mtima ukundipweteka, mlamu ameneyu ndi mnzanga weniweni. Kodi ndituluke m'khonsolomo kuti abwerere?

B.W., kuseri kwa siteji

Bambo wometa,

Musatuluke. Koma khalani pa mpando wanu wozungulirawo, lero wometa ndine.

Kutengera nkhani ija ku khonsolo munachita bwino, ndipo musalole wina akuchititseni manyazi. Khonsolo yotere ntchito yake ndi imeneyo: kuona utsi moto usanayake, kukhazika pansi magulu okangana, ndi kulangiza apolisi ndi boma pa zinthu zoika anthu pangozi, kaya ndi msewu wopanda magetsi, kaya mkangano wa malo a pamsika. Simanga munthu, siweruza milandu, ndipo silemba akazitape. Imafuna kudziwa vuto, osati mwini mawu.

Apa ndi pamene lezala lanu linacheka khutu. Mukuti simunatchule dzina. Bambo, munthu amene tauni yonse imamudziwa ndi "tionana pakona" mukamuyerekeza, mwamutchula ndi chipewa chake chomwe. Mlamu wanu anakuuzani nkhaniyo atathedwa nzeru, khosi lili m'manja mwanu. Inu munaisandutsa sewero kuti akuluakulu aseke. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanuwo wakutsatani mpaka pa benchi.

Yambani ndi wapampando. Muuzeni mwaulemu kuti amalonda anakutumani kukawaimira, osati kukawatchera khutu. Khonsolo imene ikudalira zonong'ona za pometera sidzakhalitsa, chifukwa anthu akaiopa amatseka pakamwa, ndipo ndewu yotsatira mudzaimva magazi atakhetsedwa kale. Mufunsenso kuti nkhani ya m'chipinda chotseka inafika bwanji pasiteji. Wina mwa anzanu oseka aja ali ndi m'kamwa mobooka. Pemphani kuti mugwirizane lamulo: zokambidwa m'katimo zitsale momwemo, kunja kuzituluka zimene mwagwirizana basi.

Kenako pemphani khonsolo ipite pasiteji masana, ikafotokoze ntchito yake pamaso pa oyendetsa maminibasi ndi a njinga omwe, ndi kuwauza kumene angakadandaule okha. Ambiri akuiyesa nthambi ya polisi chifukwa sanaionepo nkhope. Ngati mlamu wanu avomera, ndipo mumufunse kaye, khonsolo inene poyera kuti iye sananenere munthu aliyense, anali kuteteza anyamata ake omwewo kuti asakathere kundende. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, inu wometa mukuzidziwa bwino. Mbiri ya mlamu wanu simungaitsuke nokha.

Ku kanyumba kanu, sinthani kachitidwe. Kasitomala akakuuzani vuto la dera, mufunseni: "Iyi ndikaitule ku khonsolo, kapena itsale pano?" Akakana, isesedwe limodzi ndi tsitsi. Pokhapokha ngati pali moyo wa munthu, ndipo pamenepo muuzeni maso ndi maso kuti simukhala chete. Anthu sadana ndi wometa wa m'khonsolo. Amadana ndi wometa amene sakudziwa kuti mawu awo akawatula kuti.

Chenjezo langa ndi ili: musakapite kwa mlamu wanu ndi mawu akuti "ndinapulumutsa anthu". Ndi zoona, koma adzakutsekerani chitseko. Kanene chimodzi chokha, kuti munamusekesa pagulu ndipo munalakwa. Musatume mkazi wanu, wavutika kale mokwanira pakati pa mwamuna ndi mlongo wake.

Pomaliza, werenganinso kalata yanu. Mwalemba kuti tsitsi likutulukira m'mbali mwa chipewa, ndevu zili nyankhalala. Tauni yonseyo ometa atha? Munthu amene wakutayani akanameta kale kwina, n'kudutsa pakhomo panu mutu ukuwala kuti muone. Uyu sanalole dzanja la wina kumutu kwake. Ikani makina ndi thaulo m'chikwama mupite kwawo mawa m'mawa. Akakhala pansi n'kuvula chipewa, metani, ndipo kwa tsiku limodzi lokha m'moyo wanu, wometa akhale chete.

Aphungu