Kagalimoto Kosawoloka Mtsinje wa Kwathu

Amayi anga, kumene muliko kukucha bwanji?

Kuno ku Area 23 mvula yayamba, ndipo msewu wathu uja wabwerera mwakale, maenje okhaokha. Kumunda wa ku Njewa tadzala kale. Chimanga cha chaka chatha chikadalipo, anankafumbwe sanachipeze. Nkhuku zanu zija zinatha ndi chitopa, kwangotsala tambala mmodzi wamwano amene amalira masana. Kwa achimwene a Lameki kunabadwa mwana wamkazi ndipo anamutcha dzina lanu, ngakhale mphuno watengera kwa amayi ake.

Ine nkhani yanga ndi iyi: ndine woyembekezera, ndatsala pang'ono. Mdzukulu wanu Takondwa akulengeza kale kwa aliyense wodutsa. Koma Amayi, ndikuopa. Kusikelo anandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, BP yomwe ija inkakuvutitsani inunso. Miyendo ikutupa. Anamwino anandichenjeza kuti mutu ukangoyamba kuwawa kapena maso akachita chidima, ndisadikire aliyense, ndithamangire kuchipatala nthawi yomweyo. Pa mimba ya Takondwa munalipo inu, ndi beseni lanu ndi zitenje zanu, mukukalipira aliyense wochedwa. Pano ndikasuzumira panja ndimangoona Tikankhe.

Inde, galimoto ya malemu Abambo ija, imene munaitcha Tikankhe, ikadali ndi khalidwe lake. Batire tinasintha, sitata tinasintha, koma m'mawa imangotsokomola kawiri, basi zii. Inu munkati galimoto imeneyi ndi ya kwaya, siyimba yokha, imafuna anthu kumbuyo. Mukatero munkamanga chitenje m'chiuno n'kukankha nawo, mutavala kale yunifomu ya kumpingo.

Zaka zonsezi chotipulumutsa chinali kamtsetse kaja ka kuseri kwa nyumba. Timaimika galimoto itayang'ana kumunsi, m'mawa n'kungoimasula, ikayamba kutsetsereka yalira. Ndiye mwezi watha a Mbewe, aneba athu aja, amanga mpanda wa njerwa pamtsetse pomwepo. Malo ndi awo, sindingawanene. Koma kuyambira pamenepo Tikankhe ikugona pamalo athyathyathya, ndipo bambo a Takondwa ali ku Salima kumene akumanga nyumba za anthu, amabwera Loweruka lokha.

Tsiku la sikelo lapitali ndinadzuka mutu ukulemera. Galimoto inakana. Amuna onse a mu layini mwathu anali atapita kuntchito. Amayi a Mbewe anaitana anzawo awiri ogulitsa tomato, anayesa kukankha m'matope muja, koma inangosuntha pang'ono. Ndinangozindikira ndatsika, dzanja lina pachiwongolero lina pachitseko, ndikukankha nawo ndi mimba yangayi. Amayi a Mbewe anandikalipira ndendende ngati inu, akuti kodi ndikufuna kuchirira pamsewu. Mapeto ake ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, ndikugwira mimba pa dzenje lililonse. Kuchipatala anandigoneka mpaka madzulo kuti BP itsike. Ndili chigonere pabedi paja ndinatsimikiza mtima kuti Tikankhe iyenera kupita.

Loweruka tinapita kokaona magalimoto, ine ndi bambo a Takondwa, titatenga a Phiri, makaniko wathu wa ku Biwi uja. Titazungulira mpaka miyendo yanga kukana, tinatsala ndi ziwiri. Ina ndi yaikulu, yokwera m'mwamba, yopentedwa bwino, koma yoti yayenda kale m'manja mwa anthu ambiri. Inayo ndi kagalimoto koyera, kongofika kumene kuchokera ku Japan, ka otomatiki, mkati mukununkhirabe chatsopano, kainjini kake ngati ka makina osokera. A Phiri anati kakang'onoko mafuta kamangonyambita, ndipo ndi mizere ya mafuta ya masiku anoyi sindizigona pa filingi. Yaikuluyo anaimvetsera injini kwa nthawi, kenako anati ingatitumikire ndithu, koma tizionana pafupipafupi ku Biwi.

Bambo a Takondwa mtima wawo unali pa yaikulu. Akuti anzawo kuntchito akawaseka kuti agula bokosi la machesi. Zimenezo sindinazilabadire, anzawowo sanandikankhirepo galimoto ngakhale tsiku limodzi. Koma kenako ananena mawu amene anandilasa: kagalimotoka sikangafike kwathu ku Ntcheu. Ndipo sananame, Amayi. Tinakayesa tonse atatu tili mkati, pa ngalande ya ku Chipasula ija kanakhula pansi, khwee! Nanga pa mtsinje wathu uja, pamiyala popanda mlatho, ndi chitunda chopita kumanda chija? Tikankhe ndi ukalamba wake wonse inawoloka pamenepo tsiku lokuperekezani, itanyamula amayi a kwaya ndi nkhata zamaluwa, ikutsatira lole imene munagonamo inu. Tsiku limenelo lokha sinafune wokankha.

Amalume, mlongo wanu uja, nkhaniyi anaimva, sindikudziwa anawauza ndani. Anandiimbira Lamulungu titangoweruka kutchalitchi. Akuti chiliza chanu timanga tikakolola, simenti ndi mwala akudalira galimoto yathu, ndiye ine ndili pakalapakala kufuna kugula chidole. Anamaliza ndi mawu awa: “Ukagula kameneko, ndiye kuti amayi ako wawasiya kutsidya.”

Ndinawatsanzika mwaulemu monga munandiphunzitsira, koma nditaika foni pansi ndinalira. Ndinalira mpaka Takondwa anandibweretsera madzi m'kapu yake ya kusukulu.

Masiku otsatira chakudya sichinkalowa. Ndikaganiza yaikulu, ndinkadziona ndili pakhomo mutu ukuwawa, ndikutembenuza kiyi, injini ili zii, a Phiri ali kutali ku Biwi. Ndikaganiza kakang'ono, ndinkaona manda anu atamera udzu, ife tili tsidya lino tikulephera kufika. Ndinapemphera, koma mtima sunakhale pansi.

Chimene chinandithandiza ndi inu nomwe. Mukukumbuka maliro a mayi uja wa ku Mgona, mnzanu wa kumpingo, amene anachedwa naye kuchipatala? Tsiku loika anthu anabwera ndi magalimoto mbwee, mpaka kusowa poimika. Inu munandigwira pamkono n'kundinong'oneza kuti magalimoto onsewa anali kuti dzana, munthu akufuna imodzi yokha. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati ndi kulankhula kwanu kwa masiku onse. Pano ndamva.

Ndinawaimbira bambo a Takondwa ku Salima. Ndinati: “Galimoto yofika kumanda sindikuifuna panopa. Ndikufuna yofika kuchipatala.”

Iwo anati ndipite ndi a Phiri tikatenge kakang'onoko, za anzawo kuntchito aziona okha.

Tikankhe agula bambo wina wa ku Area 36 wogulitsa makala. Anabwera ndi anzake, ndipo inachoka pakhomo pano mokankhidwa, monga mwa mwambo wake. Ndinkaganiza kuti ndisangalala, koma ndinaima pageti mpaka inakhota pa chigayo paja. Posesa mkati mwake isanachoke ndinapeza duku lanu lobiriwira pansi pa mpando, lija munkalifunafuna mpaka kutinamizira ife. Ndalichapa, ndaliika m'chikwama cha kuchipatala.

Lero m'mawa ndinalowa m'kagalimotoko ndekha. Kungokhudza kiyi, kanalira. Ndinazimitsa, ndinalizanso, kanaliranso. Amayi a Mbewe anasuzumira pampanda wawo uja kufunsa ngati aitane anzawo a tomato, ine ndinati ayi, lero apume. Tinaseka.

Mantha sanathe, ndisakunamizeni. Miyendo ikadali yotupa, ndipo mutu ukangoti pang'ono mtima umagunda. Alamu a kwa achimwene a Lameki alonjeza kudzandidikirira kuchipatala, ngakhale nawonso ali ndi wakhanda. Chikwama ndalongedza kale, chikukhala pampando wakumbuyo, ndipo mafuta sindikulola kuti atsike. Amalume sindinawauzebe. Simenti yawoyo tidzapeza ngolo kumudzi konko, ng'ombe sizikhula pansi.

Amayi, musandikwiyire, komanso chonde musandiitane msanga. Kumeneko ndikufuna kubwera ndi miyendo yanga, osati pa lole. Mvula ikatha, madzi akaphwa, kagalimotoka ndidzakasiya pa masitolo a kumsewu wa tala. Ndidzavula nsapato pamtsinje paja n'kuwoloka, Takondwa ali kudzanja, winayu ali kumbuyo, duku lanu lili kumutu. Udzu ndidzazula ndekha, kenako ndidzamumasula kumbuyo kuti mumuone.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene ndikukusowani kwambiri chaka chino,

Mphatso