Kamera ya Alamu Anu

Okondedwa asuweni,

Muli bwanji kutaliko? Kuno tilipo, ana akukula.

Filimu ija yatuluka. Ine ndinasewera dokotala, ndinaloweza masamba atatu, koma mawu anga onse adula. Kamtsikana kosewera nesi sikayankhula n'komwe. Kamangoyenda m'khonde, kamera ikukalondola kuyambira kumiyendo mpaka m'chiuno, nkhope osaoneka. Ndimakamvera chisoni, zoonadi.

Koma wojambulayo ndi alamu anu, bambo a m'nyumba muno. Akuti anangomvera abwana. Kodi abwanawo ndiwo anawauzanso kuti aziibwereza pafoni? Zaka khumi ndi ziwiri, ine sanandiyang'anepo mofatsa choncho.

Dzulo ndinavala siketi ngati ya kamtsikanako. Anangofunsa ngati tiyi wapsa.

Zinazo tidzakamba pamaso. Amayi musawauze.

Ndine msuweni wanu.