Kompyuta Sifunsa Mfunda

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumaphunziro a usilikali kunjako. Kuno ku Mitundu tilipo, kungoti amayi mtima suli m'malo, ndipo mwawadwalitsa ndinu.

Kalata yanu inadzera kwa amalume ku Nathenje, ndipo ndinawawerengera amayi Loweruka tikusoka fodya m'chigafa. Nditafika pamene munalemba monyadira kuti akuluakulu a nkhondo kumeneko ayamba kufunsa kompyuta malo oti aphulitse, amayi anaika fodya pansi. Anandifunsa kuti, “Chinthu chimenecho chimafunsa mfunda?”

Mukukumbukira chaka chija asilikali anabwera kudzafufuza mfuti m'mudzi muno? Bambo anagwada, msilikali wina atawaloza mfuti pachifuwa. Msilikali uja atamva kuti ndi a Phiri, anati, “Dzukani bambo, nanenso ndine Phiri.” Anapulumuka choncho.

Loweruka lomwelo tili m'chigafamo, kunadutsa ndege m'munsimunsi kulowera ku Dzalanyama. Amayi anathawira m'chimanga, akukuwa kuti zigafa n'zazitali ngati nyumba za asilikali, makinawo sasiyanitsa. Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Mpaka lero amayi akukana kulowa m'chigafamo.

Chonde achimwene, yankhani msanga, ndipo musatinamize pofuna kutitonthoza. Makinawo akadzakuuzani kuti muombere, inu mudzayambe mwafunsa kuti munthuyo ndi wa kwa yani. Nanga ifeyo akadzatiloza, tidzagwadira ndani?

Mulungu akusungeni, mubwere wamoyo.

Ndine mlongo wanu,
Naphiri