Madzi Asanu Amene Ndinaiwala

Chilomoni, Blantyre
2 Epulo 2025

Okondedwa achimwene a Jameson,

Ndikhulupirira kuti ku Joniko mukudzuka bwino. Kuno tilipo, kungoti amayi ndi anti Zeinabu a nyumba yoyandikana nafe sakupatsananso moni. Munamva kale pafoni kuti tomato wa kudimba limene amalima awiriwa wapsa yense ndi chiwawu, ndipo amayi akuti mbande zimene anti anabweretsa zinali ndi matenda kale. Lolemba pa Idi anti anatumiza mpunga wa nyama monga amachitira chaka chilichonse, amayi anaubweza osavundukula n'komwe. Loweruka akufuna akazike malire pakati pa dimbalo, monga inu munawalangizira. Chonde achimwene, aimbireni adikire kaye.

Mbande zinalibe vuto. Wolakwa ndine.

Mukundidziwa, zinthu zochedwa sindipirira nazo. Nditaona amayi akupoperabe mankhwala a m'mapaketi omwe aja, ndinawauza kuti asiye zachikale, m'nyumba muli munthu wa digiri ya Chemistry, ndiziwasakanizira ndekha kopa salufeti ndi laimu. Pa ntchito yotere timayamba tawonkhetsa kulemera kwa maatomu kuti tidziwe magalamu oyenera kupima pasikelo. Kopa ndi 64, salufa 32, maokosijeni anayi 64, zonse pamodzi 160. Ndinawerengera m'mutu uku ndikuthamangira minibasi yopita ku intavyu, ndipo sindinabwererenso kukaonetsetsa.

Sabata yatha, ndikuphunzitsa a Fomu 3 kusukulu ya pulayiveti kumene ndikugwira ganyu, ndinalemba fomyula ya mankhwala omwewo pabolodi, n'kungoima pomwepo nditaona cholakwa changa. Timiyala tabuluu ta kopa salufeti timasunga mamolekyu asanu a madzi mkati mwake, lililonse 18. Ndiye kuti pali 90 ina, ndipo kulemera kwenikweni ndi 250. Pamene pamafunika magalamu 250, ine ndinkathira 160. Mvula yonse ija ya Febuluwale tinkapopera mankhwala osukuluka, matenda akungodutsa. Ana m'kalasi anafunsa ngati madamu akudwala.

Ndayesa kuwauza amayi, koma ndikulephera. Ku Mvano amanditchula kuti wasayansi wawo, ntchito yeniyeni ndilibe koma iwo amandinyadirabe. Ndikati ndiyambe, amayamba okha kunena za anti, ine n'kumangogwedeza mutu ngati ndikugwirizana nazo. Chimenechi ndiye chikundidya kuposa samu ija.

Dzulo ndinakumana ndi anti potunga madzi. Ndinafuna kuwazemba koma anandigwira pamkono, n'kundinong'oneza kuti, "Alinane mwanangu, ndafesa mbande zina kuseri kwa nyumba. Amayi ako asadziwe, koma ubwere undipoperereko. Iwe ndiye umadziwa mankhwala."



Mawa amayi akabwera ku Mvano ndiwauza zonse, akwiye ndi ine. Kenako ndiwapempha kuti tipitire limodzi kuseri kwa nyumba ya anti, ndikanenenso pamaso pa onse awiri. Inuyo mungondithandiza za malirezo.

Moni kwa alamu ndi Ricky. Amayi akuti muzivala zofunda, kumeneko kwayamba kuzizira. Anti Zeinabu nawonso akupereka moni. Sakudziwa kuti za malire munanena ndinu, ndipo akuti inu, mwana amene ankamubereka kumsana amayi akapita kudimba, sangakuiwaleni m'mapemphero.

Ine mlongo wanu,
Alinane